Hita Yosatentha M'khola la Anapiye

Lachitatu, sikisi koloko m'mawa, Mayi a Nkhuku anatsegula khola ndi kupeza anapiye makumi asanu ndi limodzi atauma gwa. Otsalawo anali ataunjikana pakona, akulira mofooka. Mayiwo anayandikiza dzanja pa hita. Kanyali kake kanali kuyaka, koma kutentha kwake kunali kwa tiyi wa dzulo.

Dzulo lakelo masana kunabwera Fyuzi, wokonza zamagetsi wa kumsika, kudzapukuta hitayo. Anakhala yekha m'kholamo kwa theka la ola, mayiwo ali pa foni ndi kasitomala. Tsopano mayiwo anamuimbira foni Fyuziyo.

"Magetsi ndiwo akubwera ofooka, mayi," anatero Fyuzi. "Ine ntchito yanga ndi yoyera."

Mayiwo sanatsutse. Anakwirira anapiye aja, nasamba m'manja, kenako anaitana achimwene awo, amene anapuma pa ntchito ya zamagetsi ku fakitale ya nsalu.

Achimwenewo anafika naini koloko ndi kamita kawo koyezera magetsi m'thumba la jekete. Anayamba kuyeza pa soketi.

"Mavoloti 230. Magetsi alibe mlandu, mlongo."

"Ndiye vuto n'chiyani, achimwene?"

"Dekhani. Tione hitayi ikumwa angati."

Kamita kanawerenga maampu awiri. Bamboyo anatola chikwama cha chakudya cha nkhuku n'kuyamba kulembapo ndi pensulo.

"Mavoloti kuchulukitsa ndi maampu, timapeza mphamvu. 230 kawiri, ndi mawati 460. Tawerengani pa chitsulo apo."

Mayiwo anawerama. "Palembedwa 2,300."

"Ndiye imayenera kumwa maampu khumi. Tsopano tigawe. Mavoloti kugawa ndi maampu, timadziwa mmene waya wa m'katimo akukanizira magetsi kudutsa. Wake weniweni ndi maomu 23. Uyu akutipatsa 115."

"Mundiuze m'chinenero cha anthu, achimwene."

"M'katimu muli mlendo."

Bamboyo anamasula chivundikiro cha hitayo. M'malo mwa elementi, waya wonenepa amene amatenthetsa hita, munali kawaya kowonda ka m'ketulo yakale, komangidwa mwaluso ndithu. Mayiwo atakaona, anadula chidutswa cha chikwama chija pomwe panali masamu, nachipinda bwinobwino.

Kupolisi, sajeni wamkazi anawerenga manambalawo kawiri.

"Masamu ndinawasiya kusukulu," anatero, "koma ndimadziwa kuti ziwiri si khumi. Tiyeni."

Leveni koloko anafika pa shopu ya Fyuzi, kuseri kwa ogulitsa matayala. Anamupeza akuwotcherera wailesi, akuimba mluzu.

"Elementi ya mayiwa ili kuti?" anafunsa sajeni.

"Ili mu hita mwawo, bwana."

"Tsegula kabati iyo."

"Kiyi anasowa."

Wapolisi wina amene anabwera ndi sajeniyo anaikankha ndi bondo, ndipo inatseguka. M'katimo munali maelementi asanu ndi atatu, okulungidwa m'nyuzipepala. Achimwene aja anatenga imodzi imodzi, kufananiza nambala yake ndi ya pa hita imene anakopera. Yachinayi inagwirizana. Anaiyezanso ndi kamita: maomu 23.

Mayi a Nkhuku anamuyang'ana Fyuzi m'maso.

"Ukanangoiba hita yonse, bambo iwe, ndikanaona n'kuwayatsira mbaula. Koma unandisiyira kanyali kakuyaka."

Fyuzi anaweramitsa mutu. Sajeni anamuveka unyolo mosafulumira, natulutsa kabuku.

"Asanu ndi awiri otsalawa ndi a kwa yani?"

Fyuzi anayamba kutchula makola ena amene anabamo, limodzi limodzi.