Chikwangwani cha Mailo

Bambo Julio anathawa mfuti kwawo ku Mozambique, ndipo nkhondo itatha anatsalira ku Nyimba. Anali mlimi wopemphera, komanso waluso polemba zikwangwani. Lusolo anaphunzitsa mwana wawo mmodzi yekhayo, Fabian, mnyamata wa dzanja labwino koma wa pakhosi pouma msanga.

M'zaka zimene malonda a chimanga anatsegukira aliyense, ogula ochokera kutali anayamba kudzaza m'mabala, ena atabisa mfuti m'majekete. Apolisi anauza a Wiseman, mwini bala ya m'mbali mwa msewu waukulu, kuti apachike pakhomo chikwangwani choletsa mfuti, kuti wobwera nayo aziisiya kwa a Wisemanwo asanakhale pansi. Ntchitoyo a Wiseman anapatsa Fabian.

"Kalembele kuno kunyumba," anatero bambo ake. "Bulashi na botolo sivikwana m'dzanja limodzi."

Fabian sanamve. Anakhoma thabwa pakhomo pa bala, nalemba MFUTI pamwamba, MUNO pansi. Liwu lapakati, SIZILOLEDWA, linamutalikira. Anzake anamukodola, ati penti saola, ayambe wanyowetsa kukhosi. Analowa.

Kwathu kuno mawa timati mailo, dzulonso timati mailo, ndipo Fabian anapeza pobisala pamenepo. A Wiseman akamufunsa, ankati mailo, iwo namva kuti mawa. Bambo ake akamufunsa za chikwangwanicho, ankati mailo, mkuluyo nayamika Mulungu poganiza kuti chinatha dzulo. Anatha masabata atatu akunamiza anthu awiri ndi liwu limodzi, osachita ndi manyazi omwe.

Loweruka lina masana kunabwera wogula chimanga, jekete litatupa m'chiuno. A Wiseman anamupempha kuti asiye mfutiyo. Munthuyo analoza thabwa lija akuseka.

"Welengani mweka, bambo. Palembedwa kuti MFUTI MUNO."

A Wiseman anangomulola kulowa. Mowa utayenda, alimi awiri anayamba kumunena kuti sikelo yake ndi yakuba. Mawu anakula, mipando inagwa, dzanja linalowa m'jekete.

Nthawi yomweyo bambo Julio anali atafika kudzatenga mwana wawo, amene sanaoneke kumunda tsiku lonse. Anaima pakhomo atakweza maso, akuwerenga bodza la mwana wawo pathabwa. Mfuti inalira kamodzi kokha, chipolopolo n'kulasa bambo Julio.

Fabian anawanyamula mowa utamuthawa m'mutu. Mkuluyo anamuyang'ana mwachisoni, osati mwaukali.

"Mwana wanga, mailo yako ija ndi iyi?"

Anatsirizikira m'njira yopita kuchipatala. Munthu amene anapulumuka nkhondo yonse anawomberedwa pakhomo pa bala, pansi pa ntchito ya mwana wake. Zimandiwawa mpaka lero.

Maliro atatha, Fabian anakalemba liwu lija akulira. Linangomutengera ola limodzi.

Achinyamata, mowa ndi ulesi zimayenda limodzi, ndipo bodza limabwera pambuyo pawo. Ntchito yoteteza moyo wa anthu musaiikire mawa, chifukwa amene adzafere pamalo pamene mwasiyapo akhoza kukhala wanu yemwe.