Bwanji Ine Simunditsutsa?

Banja lawo linali losiririka. Mwamuna ankagulitsa mafiriji, mkazi ankalangiza anthu ogula masheya a makampani, ndipo m'nyumba mwawo simunkamveka phokoso. Mwamuna akati khoma tipake lobiriwira, mkazi ankangoti, "Chabwino, bambo." Mkaziyo anakula akuuzidwa kuti chikondi ndi chimenecho.

Ku ofesi mkaziyu anali ndi mnzake wina wamwamuna, anthu ankamutcha Chidazi. Chaka chimenecho mitengo ya katundu inayamba kutsika, awiriwa nkusemphana maganizo. Chidazi ankati zinthu zikatchipa anthu agula kwambiri, masheya akwera. Mkaziyo ankakana. Ankati munthu akaona kuti firiji yatsika mtengo lero amadikira kuti mawa itsikenso, makampani amauma, masheya nkugwa. Umboni anali nawo pafupi, poti mafiriji a mwamuna wake anali atayamba kale kuchita fumbi m'sitolo.

Tsiku lina masana mwamuna anapita kukamutenga, nkuima pakhomo. Anaona mkazi wake akumenya tebulo, maso ali ngwee, akukalipa kuti, "Mukunama inu! Mugwetsa anthu m'dzenje!" Chidazi ankaseka, nayenso akumenya tebulo.

Nsanje ndi matenda oipa, abale. Ena imawagwira poona kumwetulira, koma uyu inamugwira poona mkangano.

"Zaka zonsezi ine simunanditsutsepo," anatero mwamunayo atafika kunyumba. "Moto umenewu mumasungira wadazi uja?"

"Ndi ntchito chabe, bambo."

"Chabwino. Ine ndikuti masheya akwera. Nditsutseni!"

Mkazi anayesa, koma anangoti, "Mwina akweradi, bambo."

Mwamuna anaswa kapu pakhoma.

Akanatani mayi wosaukayu? Ntchito sakanaisiya, pakuti kusitolo sikunkalowanso munthu. Anapempha Chidazi kuti azikambira za masheya m'kalesitilanti ka tsidya la msewu, mwamuna asamawaone. Apo ndiye anathira mafuta pamoto. Mlamu wake, mchemwali wa mwamunayo, anawaona pawindo, ndipo nkhani inafika kusitolo itamera miyendo: "Achimwene, mitu ili pamodzi, akuchita kubisala."

Mwamuna anatulukira m'kalesitilantimo ndi sipanala yokonzera mafiriji. Mkazi anamuona akulowa, anafuna kukuwa kuti ayi, koma liwu limeneli anali asanalinenepo kwa iye, ndipo silinatuluke. Chidazi anali pakati pofotokoza kuti msika udzuka. Mawuwo sanawamalize.

Khoti linagamula kuti mwamunayo akhale kundende moyo wake wonse. Patapita miyezi masheya anagwa ndithu, monga momwe mkaziyo ankanenera, koma analibenso woti amuuze kuti, "Mwaona!"

Mkaziyo atapita kukamuona kundende, mwamuna anati, "Vomerani tsopano, munkakondana."

"Mukunama!" anakuwa mkaziyo, akumenya tebulo mpaka msilikali wa ndende anacheuka. "Mwapha munthu wosalakwa, wa ana ake! Ine ndinkakonda inu, chitsiru inu!"

Mwamunayo anamuyang'ana nthawi yaitali, misozi ili mbwembwembwe. "Mukanandiyankha chonchi tsiku lija, mkazi wanga."

Ulemu umene umatseka pakamwa sumanga banja, ndipo nsanje sidikira kufunsa. Msilikali anagogoda chitseko, nati nthawi yatha. Mkaziyo anali akadali ndi zambiri zoti amutsutse.