Olipa Azila Galimoto

Olipa anali ndi zaka zisanu ndi ziwili. Ankakhala ku Petauke. Olipa ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona mlongo wake.

Mlongo wakeyo anali khanda. Dzina lake linali Febian. Febian anabadwila ku Nyimba, kwawo kwa Amai. Amai anapita kumeneko kukachila. Mwezi unatha, Amai osabwela. Olipa anawasowa kwambili Amai. Ndipo Olipa anali asanamuone Febian.

Atate a Olipa anali a Daka. A Daka anali dalaivala. Ankayendetsa galimoto ya chipatala. Anali masiku akale, a boma la Chitaganya. Galimoto zinali zochepa kwambili. Galimoto ikadutsa, ana onse ankathamangila kumsewu. Koma Olipa anali asanakwelepo. Mwana wa dalaivala, koma woyenda pansi.

Tsiku lina Atate anati, “Mailo ndipita ku Nyimba. Ndikapeleka mankhwala. Pobwela ndidzatenga amai ako ndi mwana.”

“Atate, nane ndipite?” anafunsa Olipa.

“Tikapemphe kwa a nesi,” anatelo Atate.

A nesi anali amai Dainess. Ndiwo ankasunga mankhwala. Amai Dainess sankafuna fumbi. Sankafuna zinyalala. Sankafuna litsilo ngakhale pang’ono.

Amai Dainess anamuyang’ana Olipa. Anamuyang’ana kumutu. Anamuyang’ana kumapazi.

“Ana amadetsa galimoto, a Daka,” anatelo. “Mmenemo mumakwela mankhwala. Mailo mukwela khanda. Belu la chipatala likalila m’mawa ndidzabwela kudzaona. Galimoto ikakhala yoyela, Olipa apita. Ndikapezamo litsilo, Olipa atsala.”

“Idzakhala yoyela, amai,” anatelo Olipa.

Kunacha. Galimoto inali pabwalo, pafupi ndi nyumba. Atate anapita kukatenga petulo. Olipa anatsala yekha. Sanafune kudikila. Olipa ndi kudikila sizinkagwilizana.

Anatenga tsache. Anasesa pamipando. Anasesa pansi. Anatenga kansalu. Anapukuta magalasi. Anapukuta zitseko. Mpaka apa zonse zinali bwino.

Kenako Olipa anayang’ana pansi pa galimoto, popondapo mapazi. Panali pakuda. Panali timizelemizele. Sipanali posalala ngati m’nyumba mwawo.

Olipa anaganiza. Alendo akamabwela, Amai amatani? Amai amazila m’nyumba. Amapaka dothi lonyowa pansi. Amasalaza ndi mwala. Nyumba imakongola.

“Febian ndi mlendo,” anatelo Olipa. “Ndimuzilila galimoto.”

Koma mwana uyu!

Olipa anathamangila kudambo. Anakumba dothi lakuda. Analiika m’mbale. Anathilamo madzi. Anakanya bwinobwino, ngati mmene Amai amakanyila.

Anagwada m’galimoto. Anazila kumbuyo. Anazila kutsogolo. Anazila popondela Atate. Anapaka ndi pa buleki pomwe. Anasalaza ndi mwala wa Amai. Dothi linawala. Olipa anakondwa kwambili.

Atate anafika ndi petulo. Anasuzumila m’galimoto. Anaima chilili. Anagwila pakamwa.

“Olipa, ichi n’chiyani?”

“Ndazila, Atate. Febian ndi mlendo.”

Atate anafuna kuseka. Koma sanaseke. Anakhala pampando wawo. Anati, “Bwela, mwana wanga. Uone phazi langa.”

Atate anaponda buleki. Nsapato inateleleka. Anapondanso. Inatelelekanso.

“Waona?” anatelo Atate. “Buleki ndiyo imaimitsa galimoto. Phazi likateleleka, galimoto siima. Ng’ombe ikalowa mumsewu, titani? Dothi ndi labwino m’nyumba. M’galimoto dothi ndi litsilo.”

Olipa anamva mawu amenewo. Litsilo. Anakumbukila amai Dainess. Mtima unamuwawa. Misozi inatuluka.

“Ndiye nditsala, Atate?”

“Belu silinalile,” anatelo Atate. “Koma dothili lachuluka. Tikathila madzi muno, matope afika ponseponse.”

Olipa anapukuta misozi. Anagwadanso. Anayamba kupala dothi ndi zala. Anapala pakati. Anapala pakona. Pakonapo panatukuka pang’ono. Olipa anakoka. Panatukukanso.

“Atate, taonani. Pansi pakuchoka.”

Atate anawelama. Tsopano anaseka ndithu.

“Eya, ndi mphasa za mpila. Zimachoka. Ine mutu unaima, ndinaiwala. Maso ako ndi akuthwa, Olipa.”

Mphasa zinali zitatu. Atate ananyamula ziwili. Olipa anasenza imodzi pamutu. Anapita nazo kuchitsime.

Atate anatunga madzi. Olipa anatsuka. Atate anatunganso. Olipa anatsukanso. Madzi oyamba anali akuda. Madzi achiwili anali otuwa. Madzi achitatu anali oyela. Anayanika mphasa pathandala la mbale.

Olipa anabwelela kugalimoto. Anatenga kansalu konyowa. Anapukuta buleki. Anapukuta zopondela zonse. Anatenga kansalu kouma. Anapukutanso.

“Yesani tsopano, Atate.”

Atate anaponda buleki. Nsapato sinateleleke.

Dzuwa linakwela. Mphasa zinauma. Anazibwezela m’malo mwake. Pomwepo belu la chipatala linalila.

Amai Dainess anafika. Ananyamula bokosi la mankhwala. Anatsegula chitseko. Anayang’ana pamipando. Anayang’ana magalasi. Anayang’ana pansi. Anapititsa chala pamphasa. Anayang’ana chalacho. Olipa anachita mantha. Anagwila dzanja la Atate.

“Galimoto yayela,” anatelo amai Dainess.

Kenako anatembenuka. Anamuona Olipa. Dothi m’manja. Dothi m’mawondo. Dothi pamphuno.

“Galimoto yayela, koma wokwelayo ndiye wada. Thamanga ukasambe. Ku Nyimba ndi kutali.”

Olipa sanadikile kuuzidwa kawili. Anasamba msangamsanga. Anavala delesi lake la kutchalitchi. Anamanga nshawa zokazinga m’kansalu. Anapukuta mapazi. Anakwela galimoto.

Mpando unali wofewa. Olipa anafuna kugwila chilichonse. Zala zinamuyabwa.

“Tisanapite, tamvela,” anatelo Atate. “Pachitseko pali zogwilila ziwili. Waziona?”

“Ndaziona, Atate.”

“Cham’munsichi ndi cha zenela. Umazunguliza. Zenela limatsika. Umazungulizanso. Zenela limakwela.”

Olipa anazunguliza. Zenela linatsika. Anazungulizanso. Zenela linakwela. Olipa anaseka.

“Cham’mwambachi ndi cha chitseko,” anatelo Atate. “Galimoto ikamayenda, sitichigwila. Chitseko chingatseguke. Munthu angagwe.”

“Sindichigwila, Atate. Nanga ichi?”

“Icho ndi chiwongolelo. Ndi changa.”

“Nanga ichi cha pakati?”

“Iyo ndi huta. Timaliza pochenjeza anthu. Si ng’oma ya ana.”

“Nanga kabokosi aka?”

“Mumakhala mapepala a galimoto. Mumakhalanso kansalu kopukutila. Mafunso atha?”

“Atha, Atate.”

Mafunso sanathe ayi. Olipa anangowasunga.

Galimoto inalila. Inayamba kuyenda. Nyumba zinatsala kumbuyo. Mitengo inathamanga. Minda inathamanga. Ana anathamangila kumsewu. Olipa anafuna kuwabaibitsa. Anayamba kutulutsa dzanja pazenela.

“Dzanja m’kati, Olipa,” anatelo Atate. “Nthambi ingakukwapule.”

Olipa anabweza dzanja. Anawabaibitsa ali m’kati. Anawo anamuona ndithu.

Msewu unali wafumbi. Kutsogolo kunaoneka lole. Inanyamula thonje. Inali kubwela ndi fumbi lambili.

“Tseka zenela,” anatelo Atate.

Olipa anayang’ana pachitseko. Zogwilila ziwili. Cham’mwamba ndi cha chitseko. Cham’munsi ndi cha zenela. Olipa anagwila cham’munsi. Anazunguliza. Anazunguliza. Zenela linakwela. Lole inadutsa. Fumbi linatsala panja.

“Wachita bwino,” anatelo Atate.

Olipa anamva njala. Anamasula kansalu kake. Anaswa nshawa. Anadya. Anapatsako Atate. Makoko sanataye pansi. Makoko sanataye pazenela. Anawaika m’kansalu momwemo. Khoko limodzi linagwa. Olipa analitola.

“Atate, Nyimba ndi iyi?”

“Iyayi, si iyi.”

Anawoloka kamlatho. Anadutsa ngolo ya ng’ombe. Atate analiza huta kamodzi. Mwini ngolo anapatuka.

“Atate, Nyimba ndi iyi?”

“Iyayi, si iyi.”

Anakwela chitunda. Anatsika chitunda. Olipa anayamba kusinza.

“Olipa, dzuka,” anatelo Atate. “Nyimba ndi iyi.”

Anaima pa kachipatala. Atate anapeleka bokosi la mankhwala. Olipa anakataya makoko kudzala. Anakung’untha kansalu. Anapukuta mapazi. Anakwelanso.

Tsopano analowa njila yaing’ono. Inali njila ya kwawo kwa Amai. Olipa anaona nthochi. Anaona nkhokwe. Anaona mtengo wa mango. Pansi pa mtengowo panaima munthu. Anali atabeleka mwana.

“Amai!” anafuula Olipa.

Miyendo inafuna kudumpha. Dzanja linafuna chitseko. Koma galimoto inali kuyendabe. Olipa anakhalila manja ake onse awili.

“Yaima, Atate?”

“Dikila.”

“Yaima, Atate?”

Atate anaponda buleki. Anazimitsa injini.

“Yaima. Tsika.”

Olipa anatsegula chitseko. Anathamanga. Anawakumbatila Amai m’miyendo. Amai anamugwila kumutu.

“Wakula, mwana wanga,” anatelo Amai. “Ndinakusowa.”

“Inenso, Amai. Ali kuti?”

Amai anakhala pamphasa. Anamasula nsalu. Anatsitsa mwana.

“Ndi uyu mlongo wako.”

Febian anali wamng’ono kwambili. Anali ndi tsitsi lofewa. Anali ndi timanja tofumbata. Anatsegula diso limodzi. Anamuyang’ana Olipa. Anayasamula.

“Moni, Febian,” anatelo Olipa. “Ndine Olipa. Ndabwela kudzakutenga.”

Anadya. Anatsazika abale. Atate anaika katundu kumbuyo. Amai anakhala pampando wakumbuyo. Olipa sanafunenso kutsogolo. Anakhala pafupi ndi Amai.

Atate anatseka zitseko zonse. Anaziyesa chimodzichimodzi. Galimoto inanyamuka.

“Amai, ndimunyamuleko?”

“Khala bwino. Tsamila kumbuyo. Tambasula manja.”

Amai anaika Febian pamiyendo ya Olipa. Dzanja la Amai linatsala pansi pa mutu wake. Febian anali wofunda. Anagwila chala cha Olipa. Anachigwila zolimba. Olipa anakondwa koposa masiku onse.

Galimoto inagwedezeka. Febian anatsinzina. Anagona.

Olipa analankhula motsitsa mawu.

“Atate.”

“Ee, mwana wanga.”

“Yendetsani pang’onopang’ono. Mlongo wanga wagona.”

Atate anayang’ana Amai. Amai anamwetulila. Ndipo Atate anayendetsa pang’onopang’ono, mpaka kukafika ku Petauke.