Okwera Osanyowa m'Bwato la Ba Hosea

Ku Kanyama, mu Lusaka, ena amaweta nkhuku, ena agalu. Ba Hosea ankaweta bwato. Silinali bwato wamba ayi, linali la thanga, mlongoti wake wotalika kuposa denga la nyumba, m'kati muli kachipinda kogonamo. Linali la bwana wawo wa sitolo ku Kamwala, amene Ba Hosea ankamuyendetsa pa galimoto. Bwanayo atamwalira ana ake sanalifune, ndipo lole inadzalitula pabwalo pa Ba Hosea, pamwamba pa matayala akutha.

Chibwerereni silinalawepo madzi, koma chisamaliro chokha linkachidya. Loweruka lililonse Ba Hosea ankalipala, kulipaka penti, kudzoza girisi m'zitsulo. Lamlungu pochoka kutchalitchi banja lonse linkakwera, thanga m'mwamba, akazi awo Ba Anna akuthira tiyi, mwana wawo Monalisa atagwira chiwongolero, pa ulendo wosapita kulikonse. Anthu ankasuzumira pampanda. Poyamba ankangoseka, kenako anayamba kufunsana kuti chinthu chosayenda masana amachipakiranji girisi.

Manong'onong'o aja anakafika ku Matero, kwa makolo a Chilekwa, mnyamata amene ankafuna kukwatira Monalisa. Bambo ake, Ba Kasoma, anatumiza mawu kuti asanavomere chilichonse abwera okha adzaone banja limene mwana wawo akulowamo. Monalisa anasiya kudya ndi nkhawa.

Madzulo oti mawa alendo abwera, mvula inali ikugwa chiyambire masana, magetsi atazima. Ba Anna ankasita buluku la amuna awo ndi simbi yamakala.

"Batate bake Mona, chija chinthu chanu muchivinikile na tenti," anatero. "Bantu ba ku Matero bakachiona mailo, mwana sazakwatiliwa."

Mawuwa anawapweteka Ba Hosea, koma mwana ankamukonda kuposa bwato, ngakhale kusiyana kwake kunali kochepa. Buluku linali pa simbi, ndiye anatuluka ndi kabudula wam'kati yekha, poti mumdima wotere akanawaona ndani. Anakwera m'bwato kuti atsitse thanga, limene analisiya m'mwamba kuti mvula ilichape fumbi.

Akulimbana ndi chingwe, anamva pansi pakugwedezeka. Ngalande inali itasefukira, bwalo lonse lili dziwe. Matayala anayandama n'kumapita. Mphepo inadzaza thanga, mpanda wa malata unagwa, ndipo bwato linalowa mumsewu.

Tisanamizane, poyamba Ba Hosea anasangalala. Anagwira chiwongolero n'kumaseka okha, akudutsa timaokala totseka ndi nyumba zimene madzi anali atafika m'mawindo. Anangodandaula kuti amene ankawaseka aja sakuwaona.

Pangodya ya msewu panaima mayi, madzi akulekeza m'chiuno. Anakweza dzanja ngati akuimitsa minibasi. Bwato linaima lokha. Mayiyo anakwera osapereka moni n'kukhala pamalo pa Ba Anna. Linanyamukanso lokha.

Mphezi itang'anima, Ba Hosea anamuyang'anitsitsa. Iwo anali chuchuchu. Mayiyo chitenje chake chinali chouma, duku louma. Mvula inkamveka pathanga, pamatabwa, pamsana pawo, koma pa iye ayi.

Patsogolo pang'ono panakwera bambo wonyamula nyundo yoswera miyala. Woumanso. Kenako wina, kenako ena, mpaka mipando inadzaza. Palibe ankayankhula. Palibe ankatsokomola. Ba Hosea anaphimba chifuwa ndi manja, poti ulemu suthawa ngakhale pa zoopsa, n'kuyankhula ndi mayi uja.

"Bamayo, pepani, iyi si basi."

"Tiziba," mayi uja anayankha osatembenuka. "Tenze chabe kuyembekeza kuti musilize kupenta."

Ba Hosea anatseka maso. Anayesa kupemphera, koma pemphero limene linabwera m'mutu linali la chakudya, ndipo analinena lomwelo mpaka ameni.

Nyumba zinatha. Bwato linafika ku maenje akale okumbamo miyala, kumene madzi sauma chaka chonse ndipo ogweramo sapezeka onse. Mayi uja anagogoda m'mbali mwa bwato, go, go, go, monga amachitira munthu wofika potsikira. Linaima. Anatsika mmodzimmodzi pakati penipeni pa dzenje. Madzi sanachite phokoso. Womaliza anali wa nyundo uja, amene anacheuka n'kuwauza mwaulemu kuti asatsitse thanga, kudakali ena a ku Matero.

Ba Hosea anadziponya m'kachipinda kaja n'kutseka. Pamwamba ankamva mapazi akukwera, kugogoda, mapazi akutsika, kenako sanadziwenso kanthu.

Chinawadzutsa ndi tsache la munthu wosesa, limene linasiya kusesa mwadzidzidzi. Anatsegula. Kunja kunali kutayera. Bwato linali pageti la nyumba ku Matero, pansi pouma, nkhuku zikupalasa fumbi, anthu atazungulira patali ndithu. Ndipo mu Lusaka ngakhale mwana amadziwa kuti munthu wopezeka m'mawa pakhomo pa eni wosavala ndiye kuti chimene amayendera usiku chamuthera mafuta.

Geti linatseguka. Anatuluka Ba Kasoma atavala suti, kumbuyo akazi awo ndi Chilekwa, onse okonzekera ulendo wa ku Kanyama. Ba Hosea anaganiza za Monalisa, mtima unawawa kuposa manyazi. Anatsika, anagwada pafumbi, anaomba m'manja.

"Mwauka bwanji, Ba Kasoma? Kwathu kuli manzi maningi, manje naona kuti nibwele nimutengeni."

Ba Kasoma anayang'ana thanga limene linkadonthabe madzi, anayang'ana msewu wouma. Anavula jekete, anawafunditsa Ba Hosea, ndipo ananena kuti palibe chifukwa chovutikira ndi ulendo, iwo avomera zonse pagetipo.

Ukwati unachitika, wokoma ndithu, ndipo ana anapatsidwa nyumba yakuseri kwa Ba Kasoma. Bwato lidakali pageti lomwelo, chifukwa palibe dalaivala wa lole amene analola kulikhudza. Chilekwa sanamukwezerepo mawu mkazi wake, ndipo apongozi aakazi salola kuti Monalisa anyamule ngakhale ndowa. Monalisa amati ndi chikondi, mwina ndi zoona. Koma oyandikana nawo amanong'ona kuti awiriwo akasemphana pang'ono, mitambo n'kuyamba kuda, Chilekwa amasuzumira pawindo kuyang'ana kugeti, n'kuyamba ndiye kupepesa.