Dzina la Bambo pa Laputopu ya Sikimu

Madzulo amenewo ndinkachokera ku Songani kokagula mankhwala a mayi. Ndinkapalasa njinga mtima ukuwira.

Bambo anga, a Silas, anali mlembi wa sikimu yathu ya mpunga kuno ku Domasi. Ndi iwo okha amene anali ndi pasiwedi ya pulogalamu yogawira mapuloti. Tinawaika m'manda mvula isanagwe. Mbande zisanawokedwe, puloti ya mayi inapezeka ili m'dzina la mlamu wawo wa a Tobias, tcheyamani wa sikimu.

"Anasintha ndi bambo ako omwe," anatero a Tobias. "Kompyuta sinama, mwana iwe."

Munthu ali m'dothi asinthe bwanji?

Masana, ndisanapite ku Songaniko, ndinali nditayimbira a Malcolm a ku Zomba, amene anapanga pulogalamuyo.

"Achimwene, seva, kompyuta yaikulu yosunga zonsezi, siona nkhope," anandiuza. "Imangofunsa kuti walowa ndani, n'kulemba dzinalo pa chilichonse chochitika. Ku ofesi kwanuko sanawatulutsemo bambo anu chimwalirire. Aliyense wokhala pa laputopu ija, kwa seva ndi Silas. Koma akauntiyo ndaifufuta pompano. Dzinalo mulibenso."

Tamvani! Anthu omwe ananyamula bokosi, n'kumaba ndi dzina la munthu wa m'bokosimo.

Madzulowo, nditafika pa ofesi ya sikimu, tcheni cha njinga chinagwa. Magetsi anali atazima dera lonse. Achule, amene salekeza m'madzimo, anangoti zii. Koma pawindo panali kuwala.

Ndinasuzumira.

A Tobias anali pampando wa bambo, thukuta lili kamukamu. Manja awo onse anali pamaondo. Pamwamba pa sikilini panalembedwa kuti: Walowa ndi Silas.

Mabatani ankalira okha. Ta. Ta. Pang'onopang'ono, ngati mmene bambo ankalembera ndi chala chimodzi. M'chipindamo munkanunkha dothi lonyowa.

"Bambo?" ndinatero.

Kulemba kunaima. Kenako kunayambanso.

A Tobias anatembenuza maso okha. "Hopeson, mwana wanga, tanditsegulira."

Lero ndasanduka mwana wawo! Chitsekocho chinali chotsegula kale, chili gwaa kukhoma. Ndinakankha njinga, ulendo wa kunyumba.

M'mawa, azimayi opita kukawokera anapeza a Tobias ali pampando pomwepo, mawu osatuluka. Puloti inali itabwerera m'dzina la mayi. A Malcolm atayang'ana, anati seva ikuti wasintha ndi Silas, munthu amene mu sevamo mulibe. Chiyambire tsikulo sayankhanso foni yanga.

Tsopano pamjigo akunong'onezana kuti bambo anali okhwima. Akawaona mayi anga, akupatuka. Wakuba akumupititsira nthochi ndi mapemphero, ati wadwala.

Bambo anatumikira sikimu imeneyi mpaka maso kuchita khungu, wowathokoza panalibe. Inu amoyo munali ndi pakamwa, munangoti chete. Mpaka munthu wotopa anachita kudzuka yekha kudzakonza.