Abanoub ndi Nsomba za Fawzi

M'nyumba ya mayi Demiana ku Asyut munali mtendere. Amuna awo anamwalira ndi sitiroko, n'kuwasiyira mwana mmodzi, Abanoub, mnyamata womvera amene sankajomba kutchalitchi. Atamaliza sukulu n'kuyamba kuphunzira kuyendetsa minibasi, mutu unayamba kumuvutitsa. Dokotala anapeza kuti magazi ake akuthamanga kwambiri.

"Tamvera, mwana wanga," anatero dokotalayo. "Munthu akadya mchere wambiri, mtima umatulutsa timadzi tina m'magazi. Timeneti timamasula timitsempha ting'onoting'ono, n'kuuza impso kuti zitaye mcherewo. Mwa iwe chitetezo chimenechi n'chochepa, monga zinalili ndi bambo ako. Mchere uusiye."

Kuyambira tsikulo mayi Demiana ankaphika nyemba zopanda mchere, ndipo mtsuko wa tchizi chamchere anaupereka kwa oyandikana nawo.

Pa siteji ya minibasi panali Fawzi, wogulitsa fesikh, nsomba zovundika m'mchere. Tsiku lina anamuitana Abanoub.

"Iwe, nkhope yatuwa bwanji? Kwanu akukudyetsa udzu?"

Abanoub anamufotokozera zonse. Fawzi anaseka, kenako anatsitsa mawu.

"Dokotala ameneyo si msuweni wa mayi ako? Nanga amanong'onezana chiyani ukatuluka? Akufuna uzidziona wodwala kuti usapite ku Cairo, uzingokhala pamiyendo pa mayi. Talawa apa, m'bale wanga."

Analawa. Mawa lake anabweranso, mkuja wake chimodzimodzi. Kunyumba anayamba kuwayang'ana mayi ake ndi diso lina. Akamupatsa mapiritsi amene dokotala anamulembera, ankawabisa kunsi kwa lilime n'kukawalavulira mu ngalande. Akawamva pa foni, ankaima kuseri kwa chitseko n'kumatchera khutu.

Mayi nawo sanali ogona.

"Abanoub, bwanji ukumwa madzi ngati ngamila? Nanga malayawa akununkha chiyani?"

"Mwayamba kundinunkhiza? Ndikudziwa zomwe mukupangana ndi msuweni wanu uja!"

"Mwana wanga, ndinaika m'manda bambo ako. Usandikumbitse manda ena."

Iye anamenyetsa chitseko n'kupita kwa Fawzi.

Mmawa wina ali pa chiwongolero, diso lakumanja linachita mdima ngati mwathiridwa inki. Minibasi inaphonya msewu n'kugunda khoma. Okwera anapulumuka, koma mwini galimoto anamuchotsa ntchito pomwepo. Kuchipatala anamuuza kuti timitsempha ta m'disomo taphulika ndipo silidzaonanso. Impso nazo zinali zitayamba kufooka.

Atatuluka anapita kwa Fawzi.

"Unati akundinamiza!"

Fawzi sanadzutse n'komwe mutu. "Ine ndimagulitsa nsomba, m'bale wanga, sindine dokotala. Tapatuka, ukutchingira makasitomala."

Abanoub anabwerera kwawo akupapasa khoma. Anagwada pamaso pa mayi ake n'kuulula zonse, za nsomba, za mapiritsi, za kuwamvetsera kuseri kwa chitseko. Mayi Demiana analira, kenako anamudzutsa.

"Mulungu wakusiyira diso limodzi. Lisamale."

Achinyamata, Abanoub anakayikira amene ankamukonda, nakhulupirira amene ankangofuna kumugulitsa malonda. Dyera linamutsegulira khomo la bodza, bodza linamulanda diso. Munthu akakuuzani kuti makolo anu ndi adani anu, yambani mwafunsa chimene iyeyo apindulepo.