Vesi Lomwe Wilkins Anagendera Azakhali Ake

Wilkins anakula bwino m'manja mwa azakhali ake, mayi Christobel, namwino wochokera ku Dedza yemwe ankagwira ntchito pa chipatala cha Champhira. M'nyumbamo munkapempheredwa, sopo ndi fizi sizinkasowa. Chomwe chinkasowa ndi khama la mnyamatayo. Mayeso a Folomu 4 anawalephera kawiri, chonsecho ankangosewera bawo pamsika.

Ulesi umafuna pothawira, ndipo Wilkins anapapeza kwa mneneri wina, Wallace, yemwe ankapempheretsa anthu m'chigafa cha fodya.

"Iwe si mbuli ayi," anatero mneneriyo akumusisita mutu. "Nzeru zako akudya ndi munthu wa m'nyumba mwanu. Baibulo likuti mfiti isakhale ndi moyo, mbwenu nkhani yatha. Kodi azakhali akowo sunawaonepo ndi zachilendo?"

Anali atawaonapo, inde. Mayi akachira, azakhali ankanyamula ndowa yovindikira, ya zotsalira za uchembere, kukataya kudzenje la kuseri kwa chipatala. Wilkins ankadziwa bwino lomwe kuti ndiyo ntchito yawo.

Atafika kunyumba anawatsegulira vesilo mwamwano. Azakhali anamuyankha modekha.

"Mwanangu, kale ku Ulaya azungu anawotcha amayi ambirimbiri atagwira vesi lomweli, ena mwa iwo azamba ngati ine. Pambuyo pake anachita nazo manyazi. Buku lomweli limaletsanso umboni wonama. Pamenepo sunawerengepo?"

Koma makutu anali atagontha kale. Kunena kuti "anandilodza" kunkamukomera kusiyana ndi kuvomera kuti sankawerenga.

Lamulungu lotsatira anaimirira m'chigafa muja. "Azakhali anga amanyamula nyama ya anthu mundowa. Ndinaona ndi maso angawa."

Sabata yomweyo kuchipatalako kunali kutamwalira khanda. Anthu sanafunsenso zambiri, anangotola miyala ulendo kunyumba ya namwino. Wilkins ankaganiza kuti akangowaopseza basi. Anawaona azakhali ake akutuluka ndi yunifolomu yawo yoyera, mwala n'kuwapeza padiso, iwo n'kugwa khapa pakhonde pomwe ankamuchapira zovala.

Apolisi atabwera, mneneri uja anatambasula manja. "Ine nangowerenga Mawu, abwana. Dzina watchula ni mnyamata uyu. Sinikumudziwa n'komwe."

Apolisi anamunjata Wilkins. Munthu amene anamugulitsira azakhali ake anamukana osaphethira n'komwe.

Mlandu usanalowe m'khoti Wilkins anapempha kukawaona azakhali ake kuchipatala cha pa boma ku Mzimba. Anagwada pambali pa bedi, unyolo uli m'manja.

"Azakhali, ndinanama."

"Ndikudziwa," anayankha motsitsa, diso lotsalalo lili kudenga. "Miyala ya anthu aja sikundiwawa. Chikundiwawa n'choti ndowa ija unkanditsukira ndiwe, ndipo unkadziwa."

Anatembenukira kukhoma. Wilkins anakalowa kundende, ndipo diso lija silinabwerere.

Achinyamata, Mawu a Mulungu si mwala wogendera munthu. Amene akukutsegulirani vesi limodzi kuti mudane ndi wokulerani, tsiku la mlandu adzakusiyani nokha.